Zimene mawu oti “ndi ukalamba” amabisa

Mayi anga atakwanitsa zaka 74, ndinkawaperekeza kuchipatala pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo m'kathumba kawo ka mankhwala munali mapiritsi amitundu isanu. Anali ndi matenda othamanga magazi, amene iwo ankangowatchula kuti BP, anali ndi shuga, mawondo ankawawawa ndi nyamakazi, ndipo maso onse awiri anali atayamba kuchita ng'ala. Kenaka anayamba kundifunsa funso lomwelomwelo kawiri kapena katatu pa ola limodzi. Ndikadandaula kwa achibale, yankho linali limodzi nthawi zonse: “Ndi ukalamba basi, nanga tingatani?” Mayi eni akewo ankanenanso chimodzimodzi, koma mofatsa kwambiri. “Usavutike nane mwana wanga,” ankatero, “thupi latopa.”

Ndinawavomereza mawu amenewo kwa zaka ziwiri, ndipo mpaka lero mtima umandipweteka ndikakumbukira. Tsiku lina dokotala wa maso atawayeza, anandifunsa chifukwa chimene tinachedwera chotere popeza ng'ala imachotsedwa. Anandifotokozera kuti m'kati mwa diso muli kagalasi kopangidwa ndi mapuloteni amene thupi silipanganso ena olowa m'malo mwake, ndipo zaka zikamapita mapuloteniwo amawonongeka n'kumaundana mpaka kagalasiko kuchita chifunga. Opaleshoni ya diso loyamba sinatenge ndi ola lomwe. M'mawa mwake atawamasula bandeji, mayi anandiyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali n'kunena kuti sankadziwa kuti ndayamba imvi. Ng'ala ndi imene imachititsa khungu anthu ambiri padziko lonse kuposa matenda ena onse a maso, ndipo ndimadzifunsa kuti ndi angati mwa anthu amenewo amene akukhala mumdima chifukwa chakuti wina wowakonda anawauza kuti ndi ukalamba.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga mwakhama, kufunsa madokotala ndi kulemba zimene ndamva. Ndinapeza kuti mawu a achibale anga aja sanali abodza. Ukalamba ndiwodi tsinde la matenda ambiri amene anagwira mayi, ndipo n'chifukwa chake anawabwerera pamodzi ngati anapangana. Cholakwika chathu chinali chakuti tinkatchula mawuwo pofuna kutseka nkhani, pamene nthenda iliyonse ili ndi njira yake imene imayambira, ndipo njira zambiri mwa izo munthu angathe kuzichedwetsa, kuzichepetsa mphamvu kapena kuzitsekeratu.

Mu 1825, katswiri wa masamu wa ku London dzina lake Benjamin Gompertz, amene ankawerengetsa za inshulansi, anaona kuti chiopsezo cha imfa mwa anthu akuluakulu sichikwera pang'onopang'ono mofanana chaka ndi chaka, koma chimachita kuwirikiza. Ofufuza amene anabwera pambuyo pake anatsimikiza kuti munthu akapitirira zaka pafupifupi 30, chiopsezocho chimawirikiza kawiri pa zaka 8 zilizonse. Izi zikutanthauza kuti kwa munthu wa zaka 70 chimakhala chachikulu kuwirikiza pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi munthu wa zaka 30. Matenda a mtima, sitiroko, mitundu yambiri ya khansa ndi matenda oiwalaiwala, onse amachuluka motsatira zaka mwa njira yofanana ndi imeneyi, ngakhale amagwira ziwalo zosiyana kotheratu. Nkhaniyi ikukhudza anthu ochuluka zedi, chifukwa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mu 2020 anthu a zaka 60 kapena kuposerapo anali 1 biliyoni, ndipo podzafika 2050 adzakhala 2.1 biliyoni, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka ndi olemera pang'ono.

Kuti timvetse chimene chimagwirizanitsa matenda osiyanasiyanawa, tiyenera kutsikira ku maselo. Kale asayansi ankakhulupirira kuti maselo osungidwa bwino m'mbale ya mu labotale angathe kugawikana mpaka kalekale. Mu 1961, Leonard Hayflick ndi Paul Moorhead, akugwira ntchito ku Philadelphia, anasonyeza kuti maselo abwinobwino a munthu amagawikana pafupifupi ka 50 kenaka n'kuleka. Chimodzi mwa zifukwa zake chili kunsonga kwa makromozomu, timaulusi ta m'kati mwa selo timene timanyamula DNA, malangizo a chibadwa chathu. Kunsongako kuli tizidutswa ta DNA totchedwa telomere. Timagwira ntchito ngati mpendero wa nsalu umene umaletsa ulusi kusosoka, ndipo nthawi iliyonse selo likagawikana mpenderowo umafupika pang'ono. Elizabeth Blackburn, Carol Greider ndi Jack Szostak analandira mphoto ya Nobel mu 2009 chifukwa chofotokoza mmene tizidutswati timatetezera makromozomu.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti selo lotopa chotere nthawi zambiri silifa. Limangokhala pamalo pake, osagawikananso, koma n'kumatulutsa timadzi timene timatupitsa ndi kuwononga maselo oyandikana nalo. Munthu akakhala wachinyamata chitetezo cha m'thupi chimachotsa maselo oterewa msanga, koma akamakula amayamba kuunjikana pakhungu, m'mitsempha ya magazi, m'mfundo za mafupa ndi m'ziwalo zina. Mu 2011, ofufuza a ku Mayo Clinic ku America, motsogoleredwa ndi Jan van Deursen ndi Darren Baker, anapeza njira yochotsera maselo amenewa m'mbewa zimene zimakalamba msanga, ndipo mbewazo zinachedwa kuchita ng'ala komanso minofu yake inachedwa kufota. Mu 2016 anachitanso zomwezo pa mbewa wamba, ndipo zinakhala ndi moyo wautali kuposa zinzake. Pano ndiyenera kuchenjeza, chifukwa pa intaneti padzaza anthu ogulitsa mapiritsi “oletsa ukalamba” amene amatchula kafukufuku wotereyu. Mbewa si munthu, ndipo palibe piritsi limene latsimikizidwa kuti limaletsa munthu kukalamba.

Wina angafunse kuti thupi limasungiranji maselo owononga chotere. Yankho lake ndi lakuti kuleka kugawikana ndi njira imodzi yaikulu imene thupi limadzitetezera ku khansa, pakuti selo limene DNA yake yawonongeka likapitiriza kuchulukana limasanduka chotupa. Katswiri wa zamoyo George Williams analemba mu 1957 kuti jini (kachidutswa ka DNA kamene mwana amatengera kwa makolo) imene imathandiza cholengedwa paunyamata ingapitirizebe kufala m'mibadwo ngakhale itamachivulaza paukalamba, popeza pofika nthawi imeneyo chimakhala chitabereka kale. Maganizo amenewa anandithandiza kuleka kuona thupi la mayi ngati makina amene angoperepeseka. Zambiri zimene zikuwavutitsa lero ndi zomwe zija zimene zinawateteza ali mtsikana.

Chitetezo cha m'thupi nachonso chimasintha mwa njira ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Chimafooka polimbana ndi tizilombo tatsopano, mwa zina chifukwa kachiwalo kotchedwa thymus, kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa ndipo kamakhwimitsa gulu lina la maselo oyera a m'magazi, kamayamba kufota munthu akadali wamng'ono mpaka kudzasanduka mafuta okhaokha. N'chifukwa chake chibayo chimapha okalamba ambiri, ndipo kachilombo ka katsabola kamene kanabisala m'thupi kuyambira paubwana kamatha kudzuka n'kuyambitsa mashingozi. Koma panthawi yomweyo chitetezocho chimangokhala chotukusira pang'onopang'ono popanda mdani weniweni, ngati moto wonyeka pansi pa phulusa. Claudio Franceschi wa ku Italy ndi amene anatchukitsa mfundo imeneyi mu 2000, ndipo kutupa kosatha kotereku kumapezeka m'matenda a mtima, shuga, nyamakazi ndi a ubongo omwe.

Pa ziwalo zonse, mitsempha ya magazi ndi imene ndinaithera nthawi yambiri, chifukwa ndi imene imapha anthu ochuluka. Malinga ndi WHO, matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni mu 2019, kutanthauza 32 peresenti ya imfa zonse padziko. Timawatchula kuti matenda a okalamba, komatu amayamba kale kwambiri. Mu 1953, madokotala amene anapima mitembo 300 ya asilikali a ku America ofera kunkhondo ya ku Korea anapeza kuti 77 peresenti anali atayamba kale kuwonongeka mitsempha ya kumtima, chonsecho tikatenga pakatikati anali a zaka 22 zokha. Chimene chimachitika n'chakuti mafuta ena a m'magazi, makamaka kolesterolo wa mtundu wa LDL, amalowerera m'khoma la mtsempha, maselo oyera amabwera kudzawameza n'kukanirira momwemo, ndipo pang'onopang'ono pamapangika chotupa chimene chimachepetsa njira ya magazi. Tsiku lina chotupacho chimang'ambika, magazi amaundana pamwamba pake, njira n'kutsekeka. Zikachitikira kumtima, mbali ina ya mtima imafa. Zikachitikira ku ubongo, ndiye sitiroko imene timati yabwera mwadzidzidzi, pamene inakhala ikukonzeka kwa zaka 40 kapena 50.

Palinso vuto lachiwiri, la kuuma kwa mitsempha. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo nthawi iliyonse mitsempha ikuluikulu imatanuka n'kubwerera chifukwa cha puloteni yotanuka yotchedwa elastin. Puloteni imeneyi thupi limaipanga kwambiri paubwana, pambuyo pake silipanganso yochuluka, motero imene ilipoyo imaduka pang'onopang'ono, m'malo mwake n'kumalowa ulusi wouma. Shuga wochuluka m'magazi amamatirira ku ulusiwo n'kuwuumitsa kwambiri, ndipo fodya ndi mchere wambiri zimawonjezera vutolo. Mtsempha wouma sutha kuchepetsa mphamvu ya kugunda kwa mtima, choncho nambala yapamwamba ya BP imakwera, ndipo mphamvuyo imakafika mpaka ku timitsempha ting'onoting'ono ta mu impso, m'maso ndi mu ubongo. Apa m'pamene ndinaona kuti BP ya mayi, shuga wawo ndi kuiwala kwawo zinali nthambi za mtengo umodzi. Kwa nthawi yaitali madokotala ambiri ankaopa kutsitsa BP ya anthu okalamba kwambiri, poganiza kuti kukwera kwake n'kwachibadwa pamsinkhu umenewo. Kafukufuku wotchedwa HYVET, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2008, anayesa zimenezi mwa anthu a zaka 80 kapena kuposerapo, ndipo mwa amene analandira mankhwala imfa zinachepa ndi 21 peresenti.

Za ubongo ndizo zinkandiopsa koposa. Mu 1901, dokotala Alois Alzheimer anakumana ndi mayi wina wa zaka 51 dzina lake Auguste Deter m'chipatala cha odwala maganizo ku Frankfurt. Mayiyo ankaiwala zinthu zimene wangomva kumene, ndipo atalephera kulemba dzina lake ananena kuti wadzitaya yekha. Atamwalira mu 1906, Alzheimer anapima ubongo wake n'kupeza zinthu ziwiri zimene mpaka lero ndizo zizindikiro za nthendayi: tizibuma ta puloteni imene tsopano imatchedwa amyloid pakati pa maselo, ndi ulusi wopotana wa puloteni ina yotchedwa tau m'kati mwa maselowo. Apanso tikuona vuto lofanana ndi la ng'ala lija, la mapuloteni opindika molakwika amene thupi lokalamba likulephera kuwasesa. Matenda a Parkinson, amene James Parkinson anawafotokoza mu 1817, nawonso ali m'gulu lomweli, kungoti puloteni yake ndi ina ndipo maselo amene amafa ndi opanga dopamine, timadzi ta mu ubongo tothandiza kayendedwe ka thupi, n'chifukwa chake wodwalayo amanjenjemera ndi kuyenda mouma thupi.

Anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matenda oiwalaiwala, koma matendawa si gawo lachibadwa la ukalamba, ndipo anthu ambiri amafika zaka 90 nzeru zawo zili bwinobwino. Gulu la akatswiri losankhidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 peresenti ya matendawa imakhudzana ndi zinthu 14 zimene zingathe kusinthidwa. Pakati pa zinthuzo pali BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kusachita zolimbitsa thupi, kukhala kwaokha, kusaona bwino ndiponso kusamva bwino. Chomalizachi ndicho chinandikhudza. M'kati mwa khutu lililonse muli timaselo taubweya pafupifupi 16,000 timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo, ndipo tikafa sitimeranso. Titawayezetsa makutu, tinapeza kuti nthawi zambiri mayi ankabwereza funso chifukwa sanamve yankho, ndipo ankachita manyazi kunena. Anali atasiya kulowerera pamacheza, ife n'kumati akungokonda kukhala chete. Dokotala anayezanso vitamini B12, imene imatha kuchepa mwa anthu amene amwa mankhwala a shuga a metformin kwa zaka zambiri, ndipo inalidi yotsika. Atalandira makina othandiza kumva ndi jakisoni wa vitaminiyo, mbali yaikulu ya mayi amene ndinkawadziwa inabwerera. Sanabwerere yense, chifukwa timitsempha tina ta mu ubongo tinali titawonongeka kale ndi BP ya zaka zambiri, ndipo mpaka pano masiku a sabata amawasokonekera.

Ndinaphunziranso kusiyanitsa kuiwala kwapang'onopang'ono ndi kusokonezeka kwadzidzidzi. Usiku wina mayi anadzuka osadziwa kumene ali, akulankhula zosamveka, ndipo ine ndinaganiza kuti zimene ndinkaopa zija zafika. Kuchipatala anapeza kuti anali ndi chibayo, chonsecho thupi silinatenthe n'komwe. Matenda wamba mwa munthu wokalamba kawirikawiri amaonekera mwa njira imeneyi, ndipo wokalamba amene wasokonezeka mutu pa maola kapena masiku ochepa ayenera kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo.

Za khansa ndi shuga ndingonena mwachidule. Khansa imachuluka ndi zaka chifukwa zolakwika za mu DNA zimaunjikana nthawi iliyonse maselo akagawikana, ndipo selo limodzi limafunika zolakwika zingapo lisanapanduke. Shuga wa akuluakulu amabwera pamene minofu ndi chiwindi zayamba kusamvera insulini (timadzi tothandiza shuga kuchoka m'magazi kulowa m'maselo), maselo opanga insuliniyo n'kutopa pofuna kukwaniritsa chosowacho.

Kumene ndinalakwa kwambiri ine mwini ndi pa nkhani ya minofu ndi mafupa, ndipo ndinalakwa chifukwa cha chikondi. Munthu akapitirira zaka 30 amataya pakati pa 3 ndi 8 peresenti ya minofu yake pa zaka 10 zilizonse, ndipo akadutsa zaka 60 zimafulumira. Mafupa nawo ndi amoyo, muli maselo ogumula fupa lakale ndi ena omanga latsopano. Mkazi akasiya kusamba, timadzi ta estrogen timene tinkaletsa ogumulawo timachepa, motero fupa limayamba kuchita mphako m'kati popanda ululu uliwonse. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limanena kuti mkazi mmodzi mwa atatu ndi mwamuna mmodzi mwa asanu opitirira zaka 50 adzathyoka fupa chifukwa cha vutoli. Minofu yofooka imagwetsa munthu, fupa lofooka limathyoka, ndipo kugona pabedi kumene kumatsatirapo kumamaliza minofu imene inatsala. Kafukufuku wina wa mu 2007 anapeza kuti okalamba athanzi amene anagonekedwa masiku 10 okha anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo.

Ine, poopa kuti mayi angagwe, ndinkawaletsa chilichonse. Akafuna kudzuka ndinkathamanga kukawagwira mkono. Akafuna kutenga chinthu ndinkati, “Khalani pansi Amayi, nditenga ndine.” Ndinkaganiza kuti ndikuwapumitsa, osadziwa kuti ndikuwalanda mphamvu zochepa zimene anatsala nazo. Amene ananditsegula maso anali katswiri wophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, ndipo pambuyo pake ndinawerenga za Maria Fiatarone ndi anzake, amene mu 1990 ku Boston anaphunzitsa okalamba 10 a zaka zapakati pa 86 ndi 96 kunyamula zolemera ndi miyendo kwa milungu 8. Mwa 9 amene anamaliza, mphamvu za miyendo zinawonjezeka ndi 174 peresenti tikatenga pakatikati. Ngakhale nyamakazi ya m'mawondo, imene timaiona ngati kuperepeseka chabe kwa kanyama kosalala kophimba nsonga za mafupa, ululu wake umachepa munthu akalimbitsa minofu ya m'ntchafu, ndipo umakula akamangokhala.

Sindikulemba zonsezi kuti wina ayambe kuloza chala wokalamba wodwala n'kumati anadzichititsa yekha. Kafukufuku wa mapasa a ku Denmark amene anatuluka mu 1996 anapeza kuti chibadwa chimafotokoza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kusiyana kwa kutalika kwa moyo pakati pa anthu, koma zotsalazo si zosankha za munthu zokhazokha. Muli umphawi, ntchito zolemetsa, utsi umene munthu wapuma moyo wake wonse, matenda a paubwana, kutalikira kwa chithandizo, ndiponso ngozi chabe ya selo limodzi limene linalakwitsa pogawikana. Mayi anga sanasutepo fodya, ndipo BP yawo inakhala yokwera kwa zaka zambiri chifukwa chakuti panalibe amene anaiyeza. Komabe pamene pali mpata wosintha, phindu lake limafika ngakhale mochedwa. Richard Doll ndi anzake, amene anatsatira madokotala a ku Britain kwa zaka 50, anapeza kuti osuta fodya amafa msanga ndi zaka pafupifupi 10, koma wosiya ali ndi zaka 60 amabwezerapo pafupifupi zaka zitatu, ndipo wosiya ali ndi zaka 40 amabwezerapo pafupifupi 9.

Tsopano mayi ali ndi zaka 79. Mapiritsi awo anachepa kufika pa mitundu inayi dokotala atawaunikanso onse pamodzi n'kupeza kuti limodzi linkawachititsa chizungulire akamadzuka, chinthu chimene tonse tinkachiwerengera ku ukalamba womwewo. Tikamapita kuchipatala ndimanyamula kabuku kamene ndimalembamo chilichonse chatsopano, tsiku limene chinayamba ndi mmene chikusinthira, ndipo ndimafunsa dzina la vutolo ndi chimene chikuliyambitsa. Nthawi zina yankho limakhala lakuti palibe mankhwala ochiza koma ochepetsa ululu okha, ndipo timalilandira. M'mawa uliwonse amakhala pampando wopanda zogwira m'mbali, amapinda manja pachifuwa, n'kudzuka ndi kukhalanso, ine ndikuwerenga mokweza nditaima pafupi koma osawagwira. Tsiku loyamba anakwanitsa katatu n'kunena kuti mawondo akana. Sabata yatha anafika ka 11, ndipo atapuma pang'ono anandifunsa ngati lero ndi Lachiwiri kapena Lachitatu.